Tsiku Limene Tinalambula Mtsinje

Ine ndine munthu wa mtima wapachala. Zimenezo aliyense wa m'mudzi muno angakuuzeni musanafunse n'komwe. Koma masiku ano sindikalipanso kwenikweni. Si kuti ndasintha ayi, kungoti kukalipa kumafuna mphamvu, ndipo zanga zinatha.

Kwathu ndi cha ku Kaphuka. Kuno kumtunda kwa Bembeke ndinabwera pa chikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, njerwa ndinaumba ndi manja angawa, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo si langa. Dimba limene ndimalima ndi la mkazi wanga, anapatsidwa ndi amayi ake, ndipo mwini mbumba, amene mawu ake amamveka pa nkhani za malo, ndi alongo ake aakulu, alamu anga. Dimba lawo ndi lathu ndi ogundizana, ndipo onse awiri amatsetsereka mpaka kumtsinje.

Mtsinjewo ndi waung'ono, umachokera m'phiri la kuseri kwa mudzi. Nditangofika kumene, madzi ake anali oyera moti ukaima pamtunda unkaona mchenga ukuyenda pansi. Anali ozizira, nthawi ya chisanu ukapondamo mafupa a m'miyendo ankachita kuwawa. M'mbali monse munali nsenjere ndi bango, ndi mitengo ya katope imene nthambi zake zinkakumana pamwamba, dzuwa n'kumafika pamadzi mochita kuba. Madzi ankatsika mwaphokoso m'miyala, n'kupuma padziwe, n'kutsikanso m'miyala, n'kupumanso. Maiwe analipo ambiri. Lina linali la amayi ochapa, lina la amuna osamba, lina lomwetsera ng'ombe.

Masiku oyamba a chikamwini ndi ovuta. Pakhomo suyenda momasuka, apongozi akatulukira uku iwe upatukire uko, ukatsokomola mudzi wonse wamva. Ndiye ine ndikaweruka kumunda ndinkathawira kumtsinje. Kumeneko ndi kumene ndinayamba chizolowezi chimene anthu ankandiseka nacho, chovundukula miyala. Mwala wa m'madzi othamanga ukautembenuza, pansi pake pamakhala mudzi wathunthu. Pali tizilombo tina tophwatalala ta michira itatu, timathawira kumbali ngati kuwala kwatipsetsa mtima. Pali tina timadzimangira tinyumba ta mchenga ndi tizitsotso, n'kumayenda titasenza nyumbayo. Pali ana a tombolombo, oipa nkhope, oti sungakhulupirire kuti tsiku lina adzauluka. Ndipo kunsi kwa miyala ikuluikulu kumakhala nkhanu.

Mayina a tizilombo timeneti aphunzitsi a ku sekondale anatiuza m'Chingerezi, ndinaiwala kalekale. Chimene ndinasunga n'chakuti zamoyo za m'madzi zimapuma mpweya umene uli m'madzimo, ndipo madzi ozizira, ogwa m'miyala, amasunga mpweya wambiri, pamene madzi ofunda ongokhala ali ngati nyumba yopanda zenera. Zotsalazo ndinaona ndi maso anga. Matemba amadya tizilombo tija, milamba imadya matemba, katumbu, kanyama ka m'madzi kaja, amadya nkhanu n'kusiya ndowe zake pamwala, zoyera ndi zigoba.

Nsomba ndinkagwira, ndipo osati pang'ono. Mono ndimaluka ndekha. Mvula yoyamba ikagwa, madzi akachita ngati tiyi wamkaka, matemba ankachoka m'maiwe kukwera kumtunda kukaikira mazira m'maudzu omira, ndipo ukatchera mono pampata wabwino unkaunyamula ndi manja awiri. M'chilimwe, madzi akachepa, nsomba ndinkazisiya. Apongozi anga aamuna, amene anatisiya kale, ankakanitsitsa kuti munthu athire katupe wophera nsomba m'maiwe, ndipo masiku awo anthu ankamva.

Mtsinje sufa tsiku limodzi. Mbatata ya kachewere itayamba kuyenda malonda, magalimoto n'kumabwera kudzanyamula matumba mpaka m'midzi, aliyense anafutukula dimba lake kufika pamadzi penipeni. Nsenjere anazula, katope anagwetsa, akuti mthunzi ukuchedwetsa mbewu. Sindikunena kuti anthu ndi oipa. Nanenso ndimalima kachewere, ana anga anaphunzira sukulu ndi kachewere yemweyo. Koma mvula ikagwa dothi la m'mizere linkatsikira mumtsinje n'kutseka mipata yonse ya pakati pa miyala. Oyamba kusowa anali aja a tinyumba ta mchenga. Palibe anafunsa za iwo, angafunse ndani? Kenako aja a michira itatu. Mwala unkachita kuuzula ngati chitsa, ndipo kunsi kwake unkapeza matope akuda onunkha ndi tinyongolotsi tofiira basi.

Kenako kunabwera mankhwala opopera mbewu, anthu n'kumatsukira zopoperazo mumtsinje momwemo. Tsiku lina ndinapeza nkhanu zitatuluka m'madzi masana, zitafera pamchenga, miyendo m'mwamba. Nkhanu situluka masana popanda chifukwa. Ndinakalipa m'madimba monse, aliyense n'kumati si ine. Katumbu sanatsanzike, ndinangozindikira kuti pamiyala sindikuonanso ndowe zake. Kunabweranso mapampu, oyamba opondaponda, kenako a injini. M'chilimwe mtsinje unayamba kuduka, n'kumatsala zithaphwi zofunda ngati madzi osambitsira mwana, pamwamba pali ndere zobiriwira. Nkhono, misundu ndi udzudzu ndiye zinapeza ufumu. Nantchengwa yekha ndi amene sanadandaule, achule anamuchulukira.

Maiwe anakwiririka limodzi ndi limodzi, mpaka linatsala limodzi lokha, pamalire a dimba lathu ndi la alamu anga. Linapulumuka chifukwa pamenepo panali katope wamkulu amene anali chizindikiro cha malirewo, ndiye palibe analimba mtima kumudula. Kumunsi kwa dziwelo kunagona chipika cha mtengo wina umene unagwa ine ndisanabwere, ndipo kuseri kwa chipikacho kunaunjikana miyala, zonse pamodzi n'kumatchinga madzi. Kunsi kwa mizu ya katope kunali mphanga, ndipo mmenemo munkatuluka kasupe wamng'ono. Ngakhale dzuwa liswe mtengo, madzi a pamenepo ankandilekeza m'chifuwa, ozizira ngati kale. Nsomba zonse za mtsinjewo zinkathawira pamenepo kudikira mvula. Mvula ikagwa zinkatuluka, kukwera, kuswana, mtsinje n'kukhalanso ndi nsomba, zochepa koma zilipo. Kumunsi kwa mudzi kuli mathithi oti matemba sangakwere. Ndiye dziwe limenelo likanatha, panalibenso kwina kochokera nsomba. Ine ndinkadziwa zimenezo, ndipo ndinkalilondera ngati khola.

Chaka china kumapiri kunagwa chimvula, mtsinje unasefukira. Zinyalala zinatsekera pachipika chija, madzi n'kukhotera kumbali ya alamu anga, n'kudya ngodya yonse ya dimba lawo, dothi lakuda labwino limene anathiramo manyowa zaka zambiri. Ndinawapeza ataima pamenepo manja kumbuyo, akuyang'ana chigwembe pamalo pamene panali mizere. Ndinawamvera chisoni, kunena zoona. Alamu anga si munthu waulesi. Amalawirira kudimba ena tikadali m'mabulangete, ndipo ana a mlongo wawo wina amene anamwalira akuwalera ndi iwo.

Dzinja litatha, Lamulungu lina titachoka ku Misa, anaitanitsa banja lonse pakhonde pa apongozi anga aakazi. Ine ndinakhala chapatali pang'ono, pachitsa, nditayang'ana kumbali monga mkamwini amachitira. Alamu anafotokoza modekha. Anati chimene chinawadyera dimba ndi chipika chija, ndipo chikasiyidwa chaka chamawa chidzadya lina. Anati katope akuphimba mizere yambiri ya madimba onse awiri, ndipo mizu yake ikuyamwa manyowa. Anati mtengowo muli matabwa abwino, miyala ija ikhoza kukhala maziko a nyumba, ndipo madzi akawongoleredwa njira adzidutsa osavutitsa munthu. Malire, anati, tidzaika chitsulo.

"Msewu timalambula," anatero. "Kumanda timalambula. Pachitsime timasesa. Mtsinje wokha ndiye uzikhala ndi zinyalala ngati ulibe eni ake?"

Anthu anavomera. Ndipo mukaganiza, n'zimene tinaleredwa nazo. Kwathu kuno chinthu chosamalidwa ndi chimene chili mbee, chopanda tchire. Pakhomo pomera udzu timati pali ulesi. Ndiye kwa iwo kuzula chipika ndi kuchotsa miyala kunali kuuchitira mtsinje ulemu.

Ndinapempha kulankhula, ndipo ndinayamba bwino. Ndinati zimene akuzitcha zinyalalazo ndiye nyumba ya nsomba. Ndinati mthunzi ndi umene ukuziziritsa madzi, chipika ndi chimene chikuwasunga, miyala ndi imene ikusunga chakudya cha matemba. Ndinafunsa kuti munthu atabwera kudzakusasulirani denga, kugwetsa zipupa, kenako n'kusesa bwinobwino pamalopo, mungati wakukonzerani?

"Alamu," anatero akumwetulira, "kodi kuno munakwatira mlongo wanga kapena nkhanu?"

Anthu anaseka, ngakhale apongozi anabisa nkhope m'chitenje. Pamenepo magazi anandikwera. Mkamwini saimirira polankhula pamaso pa apongozi, koma ine ndinaimirira. Ndinati chimene chinadya dimba lawo si chipika, ndi khasu lawo lomwe, chifukwa nsenjere zimene zinkagwira dothi anazula okha, ine ndikuona. Ndinati chipika chakhala pamenepo zaka zonsezi osadya dimba la munthu. Zimenezo zinali zoona, ndipo ndikanalekera pomwepo. Koma ndinaonjezera kuti m'mutu mwawo munamera kachewere, ndipo atapatsidwa mpata akhoza kulima ndi pamanda pa bambo awo.

Alamu sanakweze mawu. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati akufunsa za nyengo.

"Pochoka ku Kaphuka kubwera kuno, alamu, munanyamula chiyani? Ine ndikukumbuka chikwama ndi wailesi. Mtsinje sindinauone."

Ndinakhalanso pachitsa paja. Funso limenelo mkamwini aliyense amalidziwa, limangodikira tsiku lake.

Panatsala njira imodzi. Theka la katope linali kumbali ya mkazi wanga, ndipo iye ndi mwana wa pamudzi, mawu ake ali ndi mizu. Akanakana iye, alamu sakanadula. Ndinamupeza akusankha nyemba kuseri kwa nyumba. Ndinamuuza kuti nkhaniyi tsopano ili m'manja mwake. Sanadzutse mutu. Anati dziwelo iye analidziwa ine ndisanalidziwe, anaphunzirira pomwepo kusambira, ndipo asandimve ndikulankhula ngati ndine ndekha ndili ndi mtima. Anati akanatha kukawanyengerera alongo ake mwakachetechete, mwina akanasiya mtengo n'kuchotsa chipika chokha, koma tsopano nkhani yasanduka ya ulemu, ndipo akakana aoneka ngati akuvomereza zimene ndinanena za manda.

Ndinati ndiye nsomba zife chifukwa cha ulemu?

"Bambo," anatero, "inu mukadzafa adzakunyamulani kupita nanu kwanu. Ine ndi anawa tidzatsala pano ndi achimwene. Ana athu akamakwatiwa, nkhoswe ndi iwo. Ndikadwala, ondithamangira ndi iwo. Mukufuna ndidane nawo chifukwa cha matemba?"

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko cha mpanda mpaka chinaguluka. Ndinachikonza ndekha madzulo ake.

Alamu anadikira mpaka chilimwe chitafika pachimake, madzi atachepetsetsa, ndipo anaitana dima. Amayi anafulula thobwa ndi masese, anaphika nyemba, amuna a m'mudzi anabwera ndi makasu, nkhwangwa ndi zitsulo zotukulira miyala. Anabwereka ng'ombe ndi matcheni, anaitananso munthu wa makina ochekera matabwa. Mkamwini kujomba dima la alamu ake ndi mlandu wina, ndiye ndinapita. Koma nkhwangwa ndinasiya. Ndinanyamula ndowa. Amuna atandiona anayamba kundigemula, wina akuti ndabwera kudzatunga madzi a apongozi, wina akuti ndaiwala nkhata.

Anayamba ndi mtengo. Makina analira, utuchi n'kumagwera pamadzi, ndipo katope anagwera kumbali ya madimba monga anafunira. Chimene ndimakumbukira kwambiri si kugwa kwakeko, koma kuwala. Dzuwa linagwera padziwe lonse nthawi imodzi, n'kuonetsa pansi pamene sindinaonepo chibwerere. Nsomba zinabalalika, kuthamangira kumizu, kubwerera, kuthamangiranso.

Kenako anamanga matcheni pachipika. Ng'ombe zinakoka, chipika chinakana, anakumba m'mbali, zinakokanso, anthu akuimba nyimbo ya dima. Chitasuntha, miyala inagumuka, madzi anatuluka ndi mkokomo, akuda bii. Amuna analowa ndi makasu kuwongola ngalande, ena n'kumakweza miyala m'ngolo. Ntchito inkayenda bwino, anthu anali osangalala. Dziwe linkatsika ndikuona, kuchoka m'chifuwa kufika m'chiuno, kufika m'maondo.

Pamenepo nsomba zinaoneka. Amayi anasiya miphika n'kulowa ndi malichero, ena ndi zitenje, ena ndi maukonde a udzudzu. Matemba ankadumpha ngati chimanga chokazinga. Nkhanu zinatuluka m'mphanga kukwera mizu, anthu n'kumazitola ngati mango. Mwamuna wina anapisa mkono kunsi kwa chitsa n'kutulutsa mlamba wa mutu ngati khasu, wakale, wandevu zazitali, amene ine ndinkangomuona mchira zaka zonsezi. Kunali nthungululu. Mudzi wathu unali usanaone nsomba zochuluka chotero kwa nthawi yaitali.

Alamu anabwera pamene ndinaima, matope mpaka m'khosi, chikho cha thobwa m'manja. Sanabwere mwa ndewu, ndikhulupirira ankafuna tigwirizane.

"Alamu, si inu munkalira kuti nsomba zatha? Nanga izi ndi ziwala?"

"Nkhokwe ikagwa, chimanga chimaoneka chambiri," ndinatero.

Anapukusa mutu n'kubwerera kuntchito.

Ine ndinalowa pamene panatsala madzi oyererako, pafupi ndi kasupe. Ndinatunga madzi m'ndowa, n'kuyamba kugwira matemba amoyo ndi manja, kusankha onenepa, a mimba zotupa. Maganizo anga anali oti ndiwasamutse. Mvula inali pafupi, mitambo inali itayamba kusonkhana masana. Ndikanapeza malo amodzi okha a madzi ozizira kumtunda, oti akhalemo mpaka mvula igwe, akanaswana. Ndinathyola masamba a katope wogwayo n'kuphimba pandowa, ndinanyamula, n'kuyamba kukwera motsata mtsinje.

Kunali kotentha kwambiri. Chithaphwi choyamba chimene ndinafika chinali ndi paipi ya pampu, injini ikulira, mwini wake atakhala pamthunzi wa nthochi. Anati pofika madzulo pakhala pouma, amadikira pasonkhanenso madzi kuti apope mawa. Ndinapitirira. Pamalo ochapira panali thovu la sopo lokhalokha. Kumtunda kwake kunali chithaphwi chachikulu ndithu, ndinafulumira kufikapo, koma nditapisa dzanja madzi anali ofunda, ndere zinandikulunga m'zala, ndipo pansi panatuluka fungo la mazira owola. Ngakhale mbululu zinali zitasonkhana pamwamba. Ndikanathira pamenepo kukanakhala kuwaphika.

Ndowa yamadzi imalemera, ndipo ine si mnyamata. Ndinkasinthira dzanja ili ndi ilo, madzi n'kumatayikira m'miyendo. Ndikavundukula masamba ndinkapeza matemba akwera pamwamba, tikamwa tili yasa, kufuna mpweya. Ndinkatunga madziwo ndi chikhatho n'kumawagwetsera momwemo, kuyesa kuchita zimene miyala inkachita. Kuwasinthira madzi sindikanatha, chifukwa a m'ndowamo, ngakhale anali atayamba kufunda, ndi amene anali abwino kuposa onse amene ndinkadutsa.

Mayi wina amene ankathirira kabichi anandiimitsa. Anasuzumira m'ndowa n'kufunsa ngati ndikugulitsa. Nditamuuza kuti ndikufunira nsombazi pokhala, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandilozera pokhota pena, akuti pamenepo madzi sauma. Ndinapita. Madzi analipodi, akuya mpaka m'ntchafu, pansi pa chigwembe. Koma m'mbali munali timabotolo ta mankhwala, pamwamba pa madzi pali mafuta onyezimira, ndipo ngakhale kachilombo kamodzi koyenda sindinakaone. Madzi opanda ngakhale udzudzu ndi oopsa kuposa a ndere.

Ndinapitirira mpaka kutsinde kwa phiri, kumene ndinali ndisanapiteko zaka zambiri. Ndinkakumbukira kuti kumeneko kunali nkhalango yoti masana kunkachita mdima, madzi akutuluka m'thanthwe. Ndinapeza zitsa ndi minda ya chimanga mpaka pamwamba. Pamene pankatuluka madzi panali matope opondedwa ndi ng'ombe, ndi kadzenje kamene wina anakumba kotungira ndi chikho. Kupitirira pamenepo kunalibenso mtsinje.

Ndinakhala pansi, ndowa pakati pa miyendo. Sindinakalipe, panalibe womukalipira. Ndinaganiza zotsikira kumunsi kwa mathithi, koma kunali kutali, ndipo ngakhale matembawo akanafika amoyo sakanakweranso kubwera kwathu. Ena anali atayamba kale kugona chammbali. Ndinawayang'ana mpaka msana unaleka kuwawa, kenako ndinanyamuka kubwerera. Pofika pamadimba athu onse anali atatembenuka, mimba zoyera m'mwamba.

Dima linali litatha. Pamene panali dziwe panali ngalande yowongoka bwino, yosalala m'mbali, timadzi tikuyenda pakati ngati mkodzo wa ng'ombe. Kunena chilungamo, inali ntchito yaukhondo. Amuna anali pamtunda akumwa masese, ndipo m'mudzi monse munkanunkhira nsomba zokazinga.

Ndinafika kunyumba n'kuika ndowa pakhomo pa khitchini. Mkazi wanga anachotsa masamba aja, anayang'ana, sanafunse kumene ndinapita. Anatenga kampeni n'kuyamba kutumbula. Ine ndinakhala pakhonde kuchotsa minga kumapazi. Patapita kanthawi anandiitana, anandionetsa chala chake, chili ndi timazira tachikasu.

"Onse ali chonchi," anatero.

"Ndikudziwa. Ndinachita kusankha."

Anaphika ndi tomato. Ndinadya, ndiwo sataya.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti alamu anga analangidwa. Ayi. Kachewere wawo anabereka bwino chaka chimenecho, ndi wathu yemwe, chifukwa mthunzi unachoka. Miyala ija anamangira nyumba ya malata, matabwa a katope ndi zitseko zake. Mvula itagwa madzi anadutsa mwaliwiro osakhudza dimba lawo, anakadya madimba a anthu a kumunsi, iwonso n'kuwongola mbali yawo. Chimene chikuchitika n'chakuti mtsinje ukudzikumba wokha, chaka ndi chaka ukulowa pansi, madimba akuuma msanga, ndipo aliyense akuonjezera paipi. Kasupe uja anakwiririka ndi mchenga dzinja loyamba lomwelo.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho ndinatchera mono, mwa chizolowezi chabe. Ndinapezamo achule ndi pepala la pulasitiki. Chaka chotsatira ndinayesanso. Kenako ndinaleka. Matemba tsopano timagula ouma pamsika wa Bembeke, ochokera kutali, amchenga. Adzukulu anga nkhanu amaidziwa pa chithunzi cha m'buku la sukulu.

Ndi alamu timalankhulana. Mkazi wanga anandituma kukapepesa za mawu a manda aja, ndinapita ndi nkhuku, inalandiridwa. Za dziwe sitinatchulepo, iwo kapena ine.

Chaka chathachi kunabwera anthu a bungwe lina, a zipewa zofanana, kudzatiphunzitsa kuti m'mbali mwa mitsinje muyenera kukhala mitengo ndi udzu. Anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu, anajambula mtsinje pa bolodi, anatiuza za mthunzi ndi za mizu. Anthu anawomba m'manja. Anasankha komiti yodzala mitengo, ndipo wapampando anasankhidwa alamu anga, poti ndi munthu womveka ndi wolimbikira ntchito. Madzulo ake anabwera kunyumba, anakhala pampando, tinalonjerana. Anati komiti ikufuna munthu wodziwa za mtsinje, ndipo aliyense watchula ine. Anati mbande zafika kale, zikungofuna manja, ndipo mwina ana a adzukulu athu adzaona zimene ife tinaona. Ankanena ndi mtima wonse, ndinawaona m'maso.

Mkazi wanga anali chilili pakhomo, akudikira kuti ndiphulike. Ndinafunafuna mkwiyo m'kati mwanga, sindinaupeze. Ndinangowafunsa kuti mitengoyo ikadzakula, nsomba zidzachokera kuti. Anati zimenezo a bungwe sananene.

Ndinawauza kuti msana ukundivuta masiku ano, apeze wina. Sikunali kunama.